Ulosi Umene Mafunso Anapeka

1. Mkangano m'shopu yometera

Dzina lakuti Mafunso anamupatsa ndi bambo ake. Iwo ankati mwanayo anayamba kufunsa asanayambe n'kuyenda komwe. Anthu akamadandaula kuti amatopetsa, bambowo ankangoseka n'kunena kuti, "Musiyeni. Safunsa anadya phula."

Tsopano anali mtsikana wamkulu, wa chaka chomaliza kusekondale, ndipo mayeso anali pafupi. Loweruka m'mawa ankathandiza bambo ake m'shopu yawo yometera tsitsi. Ankasesa, ankachapa nsalu zofunditsa makasitomala, ndiponso ankapukuta galasi lalikulu limene linali ndi mng'alu pakona.

Loweruka lina pampando wometera panakhala dalaivala wa minibasi, kasitomala wawo wakale. Mutu wake unali utametedwa mbali imodzi pamene anatulutsa foni m'thumba.

"Ometa, tazimitsani kaye makinawo mumve izi," anatero dalaivala. "Kunja kuja kunali mlosi wina, zaka mazanamazana zapitazo. Tamverani zimene analemba: 'Chilombo chidzatuluka kum'mawa, ndipo misika idzalira.' Mwamva? Imeneyi ndi nkhondo ija yakweza mafutayi. Munthu anaiona ali m'nthawi ya abulu!"

Pabenchi panali telala wachikulire amene ankadikira kumetedwa. Iye anapukusa mutu.

"Ayi, adala, mwaphonya. Chilombocho ndi matenda aja anatsekereza anthu m'nyumba. Misika sinalire nthawi imene ija?"

Awiriwo anakangana mpaka dalaivala anadzuka, nsalu ili m'khosi. Mafunso anaimika tsache.

"Pepani, akuluakulu. Kodi mlosiyo anatchula dzina la dziko?"

"Sanatchule," anayankha dalaivala.

"Nanga chaka?"

"Alosi satchula chaka, mwana iwe."

"Nanga bwanji anthu amene anawerenga buku lakelo sanatichenjeze nkhondoyo isanayambe?"

Dalaivala anabwerera pampando.

"Ometa, mwana wanuyu adzatimangitsa. Ameneyu ndi loya."

Onse anaseka. Koma Mafunso anapitiriza kusesa funso lake lisanayankhidwe.

2. Nsalu yosasoka

Lolemba, phunziro la mbiri yakale litatha, Mafunso anatsalira m'kalasi. Aphunzitsi ake anali mayi wachikulire wa imvi m'mbali mwa mutu. Pa nthawiyi n'kuti akutolera tizidutswa ta choko patebulo.

"Aphunzitsi, ndifunseko. Kodi munthu amene anamwalira kalekale angathe kunena za nkhondo ya masiku ano?"

Aphunzitsi anakoka mpando n'kukhala.

"Funso lakoli ndi lalikulu kuposa kalasi ino, mwanawe. Za chikhulupiriro cha munthu ine sindilowererapo. Pali mawu amene anthu amawalemekeza, ndipo iwenso uziwalemekeza. Koma za mauthenga amene akuyenda m'mafoniwa ndingakuuze zimene ndaona.

"Taganizira nsalu yosasoka. Wonenepa akaifunda, imamukwana. Woonda akaifunda, imamukwananso. Aliyense amati ndi yake. Koma malaya amene telala wasoka atakuyeza amakwana iwe wekha. Mawu ambiri amene anthu akuwatcha ulosi ali ngati nsalu yosasoka. Nkhondo, njala, miliri, madzi osefukira, atsogoleri okangana, ndiuze m'badwo umene sunaonepo zimenezi. Ukanena kuti kudzagwa nkhondo koma osatchula malo kapena nthawi, sungaphonye. Ungodikira basi.

"Chinanso, uzifunsa kuti mawuwo wawaona kuti. M'buku lakalelo, kapena pafoni ya mnzako? Mawu akamadutsa m'zilankhulo zambiri ndi m'manja mwa anthu ambiri, wina amathirako mchere, wina amachotsako fupa. Pofika kwa iwe amakhala atasanduka ndiwo zina. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Ndiye kuti maulosi onse ndi abodza?" anafunsa Mafunso.

"Sindinatero ayi. Ine sindinawawerenge onse. Ndikuti uziyesa usanameze."

Mafunso anathokoza n'kutuluka. Pa mawu onse amene aphunzitsi ananena, iye ananyamula amodzi okha, akuti uziyesa.

3. Kuyesa

Mnzake wapamtima wa Mafunso anali mtsikana wina amene aliyense ankamutcha Wailesi. Nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana inkakhala itamveka sukulu yonse.

Pa nthawi yopuma awiriwo anakhala pamasitepe a kuseri kwa laibulale.

"Ndikufuna tipeke ulosi," anatero Mafunso.

"Iwe, wapenga?"

"Ayi. Ndikufuna ndione ngati nsalu yosasoka imakwanadi aliyense. Tilembe mawu osatchula dziko, osatchula chaka. Tiwaonetse anzathu ochepa, tinene kuti ndi akale. Aliyense atiuze tanthauzo lake. Akatha, tiwauze zoona lero lomwe."

Wailesi anawomba m'manja. "Zimenezo ndiye zanga! Yamba ndi mbalame. Alosi amakonda mbalame."

Anathandizana, uku akuseka, uku akufufuta. Belu lisanalire anali atalemba izi:

*Mbalame zachitsulo zidzagona pansi,*
*mafumu awiri adzalimbirana chitsime chimodzi.*
*Madzi adzalowa m'nyumba osagogoda,*
*ndipo ana a chaka chimenecho adzafesa koma sadzakolola.*

Woyamba kuwerenga anali mnyamata wina wokonda nkhani za pa wailesi yakanema. Iye sanachedwe n'komwe.

"Zoonekeratu izi. Mbalame zachitsulo ndi ndege. Paja zinaima dziko lonse nthawi ya mliri. Chitsime ndi mafuta, mafumu awiriwo ndi mayiko akumenyanawa."

Wachiwiri anati mafumuwo ndi atsogoleri a zipani, ndipo chitsime ndi mpando. Mtsikana wina anawerenga kawiri, maso ali tong'o.

"Awa ndi amalume anga awiri," ananong'ona. "Akulimbirana nyumba ya agogo. Mlosiyu anawadziwa bwanji?"

Mafunso anadziluma mlomo kuti asaseke. Mawu amene anawapeka pamasitepe anali atakwana nkhondo, chisankho ndi amalume a munthu.

"Tiyeni tiwauze tsopano," anauza Wailesi.

"Dikira pang'ono, mnzanga. Tiwauza mawa. Zisangalatse kaye."

Mafunso anazengereza, kenaka anavomera. Apa ndi pamene anaterereka.

4. Madzi osagogoda

Madzulo a tsiku lomwelo Wailesi anakongoletsa mawu aja pafoni yake. Anawaika pachithunzi cha pepala lofiirira ngati lakale, pambali n'kuikapo nkhope ya nkhalamba ya ndevu zazitali imene anaipeza pa intaneti. Pamwamba analemba kuti mawuwo anapezeka m'phanga. Kenaka anatumiza pagulu la kalasi.

M'mawa Mafunso anamukalipira.

"Tinapangana anthu ochepa, iwe!"

"Ndi zocheza chabe," anatero Wailesi. "Pofika Lachisanu aliyense akhala ataiwala."

Mwina akanaiwaladi. Koma mkati mwa sabata imeneyo kunagwa chimvula choopsa. Ngalande zinadzaza, ndipo madzi analowa m'nyumba za kumunsi kwa tauni. Ananyowetsa matiresi, anakokolola mbale ndi nsapato. Palibe amene anamwalira, koma mabanja ambiri anagona kwa achibale.

Kutacha, uthenga uja unali paliponse. Anthu ankalozerana mzere wachitatu. "Madzi adzalowa m'nyumba osagogoda. Si izi zachitikazi?" Ndipo onse anayamba kuyang'ana mzere wotsiriza.

"Ana a chaka chino ndi ife," anatero mnyamata wina m'kalasi. "Kufesa ndi kuwerenga. Kukolola ndi mayeso. Basi, kulibe mayeso chaka chino. Kaya adzalephereka, kaya tonse tidzagwa."

Ena anaseka, koma ambiri sanaseke. Kulaibulale kunayamba kuchepa anthu.

M'kalasimo munali mtsikana wina wofatsa amene ankakhala pabenchi lakutsogolo. Ankamutcha Masamu chifukwa palibe amene ankamuposa pa phunzirolo. Kwawo kunali kumunsi kwa tauni, ndipo makope ake onse anali atanyowa mpaka inki kusungunuka. Mafunso anamupeza atagoneka mutu padesiki.

"Tenga makope anga ukopere," anamuuza. "Ndikuthandiza kulemba ena."

Masamu anadzutsa mutu pang'ono.

"Zikomo, koma ndivutikirenji? Madzi analowa m'nyumba mwathu monga momwe zinanenedwera. Ndinawaona ndi maso angawa. Zotsalazonso zichitika. Amayi akuti ndingoyamba kuwathandiza kumsika."

Mafunso anathamangira kwa Wailesi n'kumukokera pakhonde.

"Tiulule lero."

"Iwe, usayerekeze!" Wailesi anayang'ana uku ndi uku. "Nkhaniyi yafika kwa makolo. Ahedi akamva kuti ndife, atithamangitsa mayeso ali pakhomo. Ungokhala chete. Bodza likatopa limagona lokha."

Mafunso anabwerera padesiki lake. Tsiku limenelo sanafunse funso ngakhale limodzi m'kalasi.

5. Chenjezo la bambo

Loweruka dalaivala uja anabweranso kushopu kudzametetsa ndevu. Asanakhale n'komwe anatulutsa foni.

"Loya wathu ali kuti? Bwera kuno, mwana iwe. Uja unkati sanatchule chaka. Nanga uyu? Uyu ndiye wanena za madzi athu omwewa!"

Anawerenga mizere yonse mokweza, mwaulemu ngati ali m'pemphero. Mafunso anamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wamkulu. Mbalame za Wailesi, chitsime chake iye.

"Lero ulibe funso?" anaseka dalaivala. "Mwana wanga wamwamuna uja wasiya kale mabuku. Ndamuuza kuti akwere minibasi aziitanira anthu."

Dalaivala atapita, m'shopu munatsala awiri. Bambo anali kutsuka makina ndi kaburashi.

"Watani iwe? Wasesa malo amodzi kuyambira m'mawa."

"Bambo, mawu amene amawerenga aja ndinalemba ndine."

Anafotokoza zonse, kuyambira pa nsalu yosasoka mpaka pa Masamu. Bambo anamvetsera osamudula. Atatha, anaika makina pashelefu n'kumulozera benchi.

"Khala apo, mwana wanga, undimvere.

"Ine ntchito yanga ndi lumo. Lumo ndi chinthu chabwino, likutidyetsa m'nyumba muno. Koma sindilisiya pabenchi n'kutuluka, chifukwa sindidziwa amene adzalitole. Nzeru zako ndi lumo. Unafuna kudziwa, ndipo kufuna kudziwa si mlandu. Ndine ndinakuzoloweza. Mlandu ndi wakuti unayesera lumo lako pamitu ya anzako iwo osadziwa.

"Usawaone ngati opusa anthu amene akhulupirira. Dalaivala uja si chitsiru. Amadzuka m'mamawa, mafuta akwera, nkhondo ili kutali koma ikumuluma m'thumba, ndipo palibe amene amamufotokozera chifukwa chake. Munthu wotere ukamuuza kuti zonsezi zinalembedwa kale, mtima wake umakhala pansi. Amati, kani pali wina amene ankadziwa. Anthu amaopa mdima kuposa chilombo. Iwe unapita kwa anthu a mantha n'kukawagulitsa nyali yopanda mafuta.

"Ngati akale ena anaonadi za kutsogolo, ine sindidziwa. Ndine wometa. Zimenezo udzazifufuze ukadzaphunzira, udzandiuze. Koma ichi ndikuchidziwa: tsitsi ndikalimeta molakwika sindingalibwezere pamutu. Chimene ndingathe ndi kumuuza mwini mutu asanatuluke pakhomo, kuti asakachite manyazi kunja. Madzi akatayika saoleka, komabe umauza anzako kuti pansi panyowa, angaterereke."

"Akandithamangitsa sukulu, Bambo?"

"Tidzapita limodzi kukapepesa. Koma sindikunyamula kupita nawe kwa ahedi. Miyendo ndi yako. Ukasankha kukhala chete, ine sindikaulula. Uzidzangomuona mnzako uja akugulitsa kumsika, iwe ukudutsa ndi satifiketi."

Bambo anatenganso kaburashi kawo. Nkhani inathera pomwepo.

6. Pamaso pa sukulu yonse

Lolemba Mafunso analawirira. Anapeza aphunzitsi a mbiri yakale akutsegula ofesi, ndipo anawauza zonse ali chiimire. Dzina la Wailesi sanalitchule.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ndinati uziyesa mawu, mwanawe, osati anthu. Tiye kwa ahedi."

Ahedi anakalipa kwambiri. Anati akanatha kumubweza kunyumba, koma poti wabwera yekha, chilango chake chikhala kukolopa laibulale mpaka teremu itatha. Anawonjezera kuti bodza linayenda poyera, choncho choonadinso chiyende poyera.

Belu litalira, ophunzira onse anafola pabwalo. Mafunso anakwera pakhonde la ofesi.

"Anzanga, ulosi uja wa mbalame zachitsulo si wakale ayi. Sunapezeke m'phanga. Mawu aja ndinalemba ndine, pamasitepe a kuseri kwa laibulale. Ndinkafuna kuona ngati anthu angapeze tanthauzo m'mawu opanda mwini. Ndinalakwa posakuuzani msanga. Pepani. Mayeso alipo, tiyeni tiwerenge."

Pabwalo panabuka phokoso. Ena anaseka, ena anakuwiza. Mnyamata wina wakumbuyo anafuula.

"Nanga za madzi unadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe," anayankha Mafunso. "Mvula imagwa chaka chilichonse, ndipo ngalande zija n'zotsekeka kuyambira kale. Mvula ikanapanda kugwa, mukanapeza madzi ena. Mwina paipi yophulika, mwina misozi."

"Nanga nkhalamba ya ndevu ija ndi ndani?"

Mafunso asanayankhe, pakati pa mzere wa atsikana panamveka mawu aang'ono, osazolowereka kwa mwini wake.

"Nkhalambayo ndinaiika ndine," anatero Wailesi, maso ali pansi. "Sindikuidziwa n'komwe. Ndinangoikonda ndevu."

Sukulu yonse inafa nacho chiseko, ngakhale aphunzitsi ena anabisa nkhope. Ahedi anati laibulale ndi yaikulu, ikwana anthu awiri.

Pa nthawi yopuma Masamu anabwera padesiki la Mafunso. Sanamwetulire.

"Amayi analira chifukwa cha mawu ako aja," anatero.

"Pepa, mnzanga. Ndilibe chodzikanira."

Masamu anatambasula dzanja.

"Bweretsa kope la sayansi. La masamu usavutike, lako lili ndi zolakwa zambiri."

7. Alendo pabenchi

Masiku otsatira Mafunso ndi Wailesi ankakolopa laibulale akaweruka. Ophunzira anayambanso kudzaza matebulo, moti awiriwo ankachita kupempha anthu kuti akweze miyendo. Mafunso anapeza shelefu ya mabuku a mbiri za mayiko, ndipo ankati akakolopa pang'ono n'kuima kuwerenga. Ankafuna kudziwa ngati panakhalapo munthu amene ananeneratu chinthu momveka bwino, dzina ndi nthawi yomwe, chisanachitike. Yankho anali asanalipeze.

Lachinayi masana Wailesi anabwera akuthamanga, foni ili m'manja.

"Mnzanga, ulendo uno si ine. Ndikulumbira, si ine."

Wina anali atajambula kanema tsiku lija pabwalo. Koma anadula zonse, kupepesa ndi kufotokoza komwe. Anasiya kachidutswa kamodzi kokha, Mafunso ali pakhonde akunena kuti, "Mawu aja ndinalemba ndine." Pansi pake panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: MLOSI WAPEZEKA. NDI MWANA WA SUKULU.

Mafunso anasiya chokolopera m'ndowa n'kuthamangira kushopu kuti akauze bambo ake.

Atafika anapeza benchi ladzaza. Koma anthuwo sanali ometetsa. Panali amayi atatu ndi bambo wina wa ndodo, onse ali phee. Makina anali ozimitsa. Bambo ake anaima pafupi ndi galasi, thukuta lili pamphumi.

"Ndawauza, mwana wanga," anatero bambo motsitsa mawu. "Ndawauza kuti zinali zopeka. Akuti mlosi weniweni amayamba wakana."

Mayi wina anadzuka pabenchi. Anali wa msinkhu wa amayi ake a Mafunso, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi la ulendo wautali. M'manja anagwira chithunzi cha mnyamata wovala jekete. Anafika pafupi, n'kugwada pasimenti pomwe panali tsitsi losasesa.

"Amayi, chonde dzukani," anatero Mafunso. "Ine si mlosi. Ndine mwana wa sukulu chabe."

Mayiyo sanadzuke. Anamugwira dzanja n'kuikamo chithunzicho.

"Uyu ndi mwana wanga. Anapita kunja kukafuna ntchito, kudziko lomwe kuli nkhondo kuja. Foni yake inasiya kulira. Ndayenda m'maofesi, palibe wondiyankha. Sindikufuna zambiri, mwanawe. Tangomuyang'ana, undiuze ngati ali moyo."

Mafunso anayang'ana bambo ake. Anayang'ana nkhope ya mnyamata wa pachithunzi. Panja, pakhomo la shopu, anthu ena awiri anali atayamba kale kupukuta mapazi kuti alowe.